Chuma cha Poland chikomyunizimu chitatha: zomwe adachita msanga, zomwe adachita modekha, ndi amene adalipira

Pa 1 Januwale 1990 boma la Poland lidaleka kuuza wogulitsa mtengo wa nsapato, sopo kapena mipando. M'mwezi umenewo wokha mitengo idakwera ndi pafupifupi 80 peresenti. Chaka chikamatha anthu oposa 1 miliyoni adali atalembetsa kuti ali pa ulova, m'dziko lomwe kwa zaka 40 boma linkanena kuti mulibe lova ndi mmodzi yemwe. Koma mu 1992 chuma chidayambanso kukula, Poland n'kukhala loyamba kudzuka mwa mayiko a ku Ulaya omwe adali achikomyunizimu. Kuchokera pamenepo padalibe chaka chomwe chuma chidabwerera m'mbuyo kufikira mliri wa Covid mu 2020.

Ambiri akamakamba nkhaniyi amangoti Poland idamasula msika mwachangu n'kulemera. Kunena choncho kumasocheretsa. Zina adazichitadi usiku umodzi. Zina, makamaka kugulitsa mafakitale a boma, zidatenga zaka zoposa khumi, ndipo kuchedwako kudawapulumutsa ku kuba komwe kudachitika kwina. Ndipo china chomwe chidathandiza kwambiri sichidachokere ku msika konse: omwe adalikongoza dzikolo adalikhululukira theka la ngongole.

Ndalama zilipo, katundu palibe

Pa nthawi ya chikomyunizimu mafakitale, migodi, mabanki ndi masitolo akuluakulu zonse zidali za boma. Akuluakulu okonza mapulani ku Warsaw ndiwo ankagamula kuti fakitale yakuti ipange nsapato zingati, ilandire zikopa zingati, igulitse pa mtengo wanji. Mkulu wa fakitale sankafunsidwa za phindu, ankafunsidwa ngati wakwanitsa chiwerengero chomwe adamupatsa. Ndalama zikaperewera ankathamangira ku unduna, unduna n'kuuza banki ya boma kuti imukongoze, aliyense akudziwa kuti ngongoleyo sidzabwezedwa. Fakitale yomwe singagwe ilibe chifukwa chosamalira zipangizo. Iliyonse inkaunjika zitsulo, malasha ndi antchito opyola muyeso poopa kuti mawa sadzazipeza, ndipo kuunjikako ndiko kunkachititsa kuti zisowe kwa ena.

Mitengo ya m'sitolo ankaitsitsa dala, chifukwa kukweza mtengo wa nyama kudabutsa kale zipolowe mu 1970, 1976 ndi 1980. Munthu ankakhala ndi ndalama m'thumba koma pa shelefu palibe chogula. Kuyambira 1981 mpaka 1989 nyama inkagulidwa ndi makuponi. Wofuna nyumba ankalembetsa n'kudikira zaka zoposa khumi. Yemwe adali ndi madola ankalowa m'masitolo a boma otchedwa Pewex n'kugula khofi, mowa wakunja ndi mabuluku a jinzi opanda kuima pa mzere, choncho aliyense wotha kusunga ankasunga madola, osati zloty, ndalama ya dzikolo.

Pamwamba pa izi padali ngongole. M'zaka za m'ma 1970 mtsogoleri wa chipani, Edward Gierek, adakongola ndalama zambiri ku mayiko a kuzambwe kuti amange mafakitale, poganiza kuti katundu wake adzagulitsidwa kunja n'kubweza ngongoleyo. Katunduyo sadayende malonda. Pofika 1981 dziko lidalephera kulipira, chiwongoladzanja n'kumangounjikana mpaka ngongole idafika madola pafupifupi 40 biliyoni mu 1989. Chaka chimenecho boma lidakhala pansi ndi bungwe la ogwira ntchito la Solidarity, ndipo pa chisankho cha pa 4 Juni Solidarity idatenga mipando 99 mwa 100 ya Senate, chipinda chachiwiri cha nyumba ya malamulo. Koma boma lotuluka lidamasula mitengo ya zakudya pa 1 Ogasiti likusindikizabe ndalama, pomwe malipiro adali atagwirizana kale kuti azitsatira mitengo. Mitengo ikakwera malipiro amakwera, banki n'kusindikiza, mitengo n'kukweranso. Mu Okutobala mokha idakwera ndi 50 peresenti ndi kanthu. Umu ndi momwe Tadeusz Mazowiecki, nduna yayikulu yoyamba yosakhala yachikomyunizimu patatha zaka zoposa 40, ndi nduna yake ya zachuma Leszek Balcerowicz adapezera zinthu.

Malamulo khumi a mu Disembala

Balcerowicz adapita ku nyumba ya malamulo ndi malamulo khumi, omwe adavomerezedwa m'masiku omaliza a Disembala 1989. Mfundo yake idali yakuti zonse ziyambe tsiku limodzi, chifukwa chilichonse chinkadalira chinzake. Kumasula mitengo uku ukusindikiza ndalama n'kumene kudachitika kale mu Ogasiti, ndipo aliyense adaona zotsatira. Kumasula mitengo malire ali otseka kukanapatsa fakitale imodzi ya boma mpata wolipiritsa chilichonse chomwe ikufuna. N'chifukwa chake tsiku lomwelo adalola aliyense kuitanitsa katundu kunja, kuti mtengo wa wailesi yakunja uletse fakitale ya m'dziko kukweza mopyola.

Mitengo yambiri idamasulidwa. Ya malasha, magetsi, lendi ndi sitima idatsalabe m'manja mwa boma, koma idakwezedwa, ya malasha kasanu kapena kuposa apo. Sabuside idadulidwa kwambiri. Banki yayikulu idaletsedwa kusindikiza ndalama zokwirira kuperewera kwa bajeti mmene inkachitira kale. Makampani a boma adauzidwa kuti tsopano akhoza kugwa ngati kampani ina iliyonse.

Gawo la ndalama zakunja ndi lomwe liyenera kumveka bwino. Zloty idagwetsedwa kufika pa 9,500 pa dola imodzi, pafupi ndi mtengo wa pamsewu, n'kuimikidwa pomwepo. Kampani yogulitsa kunja inkayenera kupereka madola ake ku banki pa mtengo umenewu, koma nayonso kampani iliyonse yofuna kuitanitsa katundu inkatha kugula madola ku banki pa mtengo womwewo popanda kupempha chilolezo kwa nduna. Kuti anthu akhulupirire kuti madolawo sadzatha, mayiko a kuzambwe adasonkha thumba la madola 1 biliyoni loti likhale chire. Thumbalo silidakhudzidwe n'komwe. Mtengo wa 9,500 udaima mpaka Meyi 1991. Amene adaona kwacha ikugwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola n'kumasowabe ku banki, amvetsa kulemera kwa mfundoyi: kugwetsa ndalama kumathetsa malonda a pamsewu pokhapokha banki ikamagulitsadi dola kwa aliyense wobwera, ndiponso ndalama ya m'dziko ikaleka kusindikizidwa mwachisawawa.

Chomwe chidakokera anthu ku zloty ndi chiwongoladzanja. Mu Januwale 1990 banki yayikulu idachiika pa 36 peresenti pamwezi, osati pachaka. Popeza dola idali itaima, wosunga zloty ku banki ankapindula kuposa wobisa madola pansi pa matilesi, ndipo anthu adayamba kugulitsa madola awo. Koma lamulo lomwelo lidakhudzanso ngongole zakale. Mlimi yemwe adakongola kuti agule thirakitala kapena amange khola la nkhumba pa chiwongoladzanja chochepa adangoona ngongole yake ikufufuma mwezi ndi mwezi, pomwe mtengo wa mkaka ndi tirigu ukutsalira m'mbuyo chifukwa cha zakudya zotchipa zochokera kunja. Mkwiyo wa alimi amenewa ndi womwe udabala gulu la Samoobrona la Andrzej Lepper, lomwe lidatchuka ndi kutseka misewu.

Chomangira chomaliza chidali msonkho wa malipiro, womwe anthu ankautcha popiwek. Fakitale ya boma idalibe mwini woti akane antchito akafuna kukwezeredwa, ndipo mabwana ankasankhidwa ndi makhonsolo a antchito omwewo. Boma lidati mu Januwale malipiro akwere ndi magawo atatu okha pa magawo khumi a kukwera kwa mitengo. Fakitale yopyola malirewo inkalipira msonkho wa pakati pa 200 ndi 500 peresenti ya ndalama yomwe yapyolayo. Njirayi idagwira ntchito, koma idali yowawa: mphamvu yogulira ya malipiro idatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi mu 1990.

Kukwera kwa mitengo kudazirala msanga: pafupifupi 80 peresenti mu Januwale, 24 mu Febuluwale, osafika 5 mu Malichi. Mizere ya m'masitolo idatha m'masabata ochepa. Koma kuti mitengo ikhazikike zenizeni padatenga nthawi: 70 peresenti mu 1991, 43 mu 1992, 35 mu 1993, ndipo avereji ya pachaka idatsika pansi pa 10 mu 1999. Pa 1 Januwale 1995 adachotsa maziro anayi, zloty zakale 10,000 n'kusanduka zloty imodzi yatsopano.

Pomwe adaphonya

Boma linkayembekeza kuti chuma chitsika ndi 3 peresenti yokha ndipo malova akhala 400,000. Zomwe mafakitale amapanga zidatsika ndi pafupifupi 24 peresenti mu 1990. Ena amati chiwerengerochi n'chokokomeza chifukwa china mwa zomwe zidasiyidwa adali katundu yemwe palibe ankamufuna, ndiponso malonda atsopano a anthu wamba sankawerengedwa bwino. Nzoona, koma kwa amene adachotsedwa ntchito zimenezo sizidasinthe kanthu.

Nkhonya yachiwiri idabwera mu 1991. Mgwirizano wa zamalonda wa mayiko achikomyunizimu, Comecon, udatha, ndipo Soviet Union idayamba kufuna madola pa mafuta ndi gasi pomwe yokha idalibe madola ogulira katundu wa ku Poland. Mafakitale a nsalu a ku Łódź, omwe ankatumiza katundu wambiri kum'mawa, adataya msika pa kanthawi kochepa. Chuma chidatsikanso ndi 7 peresenti. Bajeti nayo idaphulika pa chifukwa chomwe ambiri sadachione chikubwera. Mu 1990 makampani a boma adaoneka ngati apanga phindu lalikulu chifukwa adagula zipangizo pa mitengo yakale n'kugulitsa pa yatsopano, boma n'kutolera msonkho wochuluka pa phindu la pa pepala limenelo. Mitengo itakhazikika phindulo lidazimirira, msonkho n'kuzimirira nalo. Boma lidachita kumanga misonkho yatsopano kuyambira pansi: wa pa zomwe munthu aliyense amapeza mu 1992, ndi VAT ya 22 peresenti mu Julayi 1993. Ulova udafika 16.4 peresenti kumapeto kwa 1993, anthu pafupifupi 2.9 miliyoni.

Kukula kudachokera pa msewu

Chomwe chidadzutsa chuma si mafakitale akale. Mu Disembala 1988, achikomyunizimu akadali pampando, nduna Mieczysław Wilczek adadutsitsa lamulo lalifupi lonena kuti aliyense akhoza kuyamba bizinesi pongolembetsa ku ofesi ya m'dera lake, ndipo chomwe lamulo silikuletsa n'chololedwa. Mitengo itamasuka anthu adakhuthukira m'misewu. Ankakaoda nthochi, khofi ndi zovala ku Berlin, Vienna kapena Istanbul n'kudzayala pa mabedi opinda kapena kugulitsira m'buti ya galimoto. Alimi ankabwera ndi nyama mpaka pakati pa mzinda. Bwalo lamasewero la Stadion Dziesięciolecia ku Warsaw lidasanduka msika waukulu wa mavenda. Makhonsolo omwe adasankhidwa mu Meyi 1990 adabwereketsa kapena kugulitsa masitolo a boma kwa anthu wamba, kawirikawiri kwa omwe ankagwiramo ntchito.

Ena mwa mavendawa adatsegula magolosale, kenako nyumba zoodetsa, kenako tifakitale ta mipando, mawindo ndi masoseji. Ankagula makina, malole ndi nyumba zosungiramo katundu kwa makampani a boma omwe ankagulitsa katundu wawo kuti alipire antchito. Apa mpomwe kuuma mtima kwa boma pa sabuside kudabala zipatso: katundu yemwe ankangokhala adapita kwa anthu omwe adali ndi chochita naye. Pofika 1993 pafupifupi theka la chuma chonse linkapangidwa ndi mabizinesi osakhala a boma, ambiri mwa iwo atsopano.

Kugulitsa mafakitale: kuchedwa komwe kudathandiza

Mu 1990 makampani a boma adalipo oposa 8,000. Lamulo la mu Julayi chaka chimenecho lidatsegula njira ziwiri. Kampani yayikulu inkasandutsidwa ya masheya n'kugulitsidwa kwa wogula mmodzi kapena pa msika wa masheya, antchito n'kuloledwa kugula mpaka 20 peresenti pa theka la mtengo. Kampani yaing'ono inkatha kutengedwa ndi antchito ndi mabwana ake, kumalipira boma pang'onopang'ono. Njira yachiwiriyi ndi yomwe idayenda kwambiri. Msika wa masheya wa ku Warsaw udatsegulidwa pa 16 Epulo 1991 m'nyumba yomwe idali likulu la chipani chachikomyunizimu, uli ndi makampani asanu okha: Tonsil, Próchnik, Krosno, Kable ndi Exbud. Bungwe louyang'anira lidali lokhwimitsa kuyambira pachiyambi, kukakamiza kampani iliyonse kuonetsa mabuku ake.

Makhonsolo a antchito adali ndi mphamvu yokana, nyumba ya malamulo idali yogawikana, maboma ankasinthasintha. Pulogalamu yogawira nzika zonse masheya idakanidwakanidwa mpaka idayamba mu 1995: makampani 512 adaikidwa m'matumba 15, kapena kuti mabungwe osunga masheya, oyendetsedwa ndi akatswiri olembedwa ganyu, nzika iliyonse yayikulu n'kuloledwa kugula satifiketi imodzi yoipatsa gawo m'matumbawo pa zloty 20. Anthu pafupifupi 26 miliyoni adatenga. Ambiri adangogulitsa msanga, ndipo pulogalamuyi siyidalemeretse anthu wamba. Koma siyidaperekenso chuma cha dziko kwa anthu ochepa.

Ku Russia boma lidagawa mavocha a ma ruble 10,000 ogulira masheya a makampani a boma mu 1992 mitengo ikukwera ndi 2,500 peresenti, ndipo mu 1995 lidapereka makampani akuluakulu a mafuta ndi migodi ngati Yukos ndi Norilsk Nickel kwa eni mabanki ochepa posinthana ndi ngongole zomwe silidabweze. Ku Czech Republic mavocha adathera m'matumba omwe padalibe wowayang'anira, ena mwa oyendetsa n'kukokolola katundu wa makampani. Alangizi akunja ankadzudzula Poland kuti ikuzengereza. Poona lero, kuzengerezako kudapatsa nthawi makhoti, owerengera mabuku ndi atolankhani kuti akhwime katundu wamkulu asadagulitsidwe. Kunena zoona, mwayi udathandizanso: Poland idalibe zitsime za mafuta zoti munthu mmodzi alande n'kulemera nazo tsiku limodzi.

Ogula akunja adabweretsa zosakanikirana. Fiat idagula fakitale ya magalimoto ya FSM mu 1992, ndipo fakitale yake ya ku Tychy ikupangabe magalimoto. Daewoo idatenga fakitale ina ya magalimoto, FSO ya ku Warsaw, mu 1995, koma kampani yayikulu itagwa kwawo ku South Korea, FSO siyidadzukenso. Malo opangira zombo a ku Gdańsk, komwe Solidarity idabadwira, adagwa mu 1996.

Mabanki ndi ngongole yakunja

Mu 1989 mabanki asanu ndi anayi adapatulidwa kuchoka ku banki yayikulu, aliyense n'kutenga makasitomala ake akale, omwe adali mafakitale a boma. Ogwira ntchito m'mabankiwa sadaphunzirepo kuyesa ngati wokongola angabweze. Ankangokongoza wolephera kuti alipire chiwongoladzanja cha ngongole yakale, ndipo pofika 1992 pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ngongole zawo lidali lovunda. Akathyali nawo adapezerapo mpata. Eni kampani ya Art-B ankayendetsa macheke kuchoka banki ina kupita ina mothamanga kuposa momwe mabanki ankauzirana, ndalama imodzi n'kumalandira chiwongoladzanja m'malo angapo nthawi imodzi, mpaka adathawa m'dziko mu 1991.

Lamulo la mu 1993 lidakonza izi mwanzeru. Boma lidapatsa mabanki mabondi okwirira dzenje kamodzi kokha, powerengera ngongole zovunda zomwe zidalipo kumapeto kwa 1991, kuti banki isapindule povunditsa zina. Banki iliyonse idayenera kutsegula nthambi yolondola ngongolezo, idaletsedwa kukongozanso yemwe sakubweza, ndipo idapatsidwa tsiku lomaliza mu 1994 loti pa kampani iliyonse isankhe chimodzi: kugwirizana zochepetsa ngongole posinthana ndi kukonza kampaniyo, kusandutsa ngongole kukhala masheya, kuigulitsa kwa wina, kapena kupita ku khoti kuti kampaniyo itsekedwe. Mabanki ambiri pambuyo pake adagulitsidwa kwa mabanki akunja.

Ngongole yakunja ndi yomwe okonda kutamanda msika amailumpha. Mu Epulo 1991 mayiko okongoza a mu Paris Club adavomera kudula theka la madola pafupifupi 33 biliyoni, m'magawo awiri: 30 peresenti poyamba, 20 yotsala Poland ikatsiriza pulogalamu yake ndi IMF. Mu 1994 mabanki akunja a mu London Club adadulanso pafupifupi theka la yawo. Chifundo chotere sichinkaperekedwa kwa aliyense. Mayiko a kuzambwe ankafuna kuti dziko lomwe lidayamba kugwetsa chikomyunizimu lisalephere. Boma lomwe likulipira ngongole yonse ija silikanatha kulipira malova, mapenshoni ndi mabondi a mabanki nthawi imodzi.

Amene adalipira

Ululu sudagawidwe mofanana. Ku Warsaw ndi ku Poznań ntchito zidapezeka msanga. M'tauni yodalira fakitale imodzi, fakitale ikatseka zonse zinkatseka. Ku Wałbrzych migodi yonse ya malasha idatsekedwa m'zaka za m'ma 1990.

Omwe adaiwalidwa kwambiri ndi antchito a m'minda ya boma, yotchedwa PGR. Malo ambiri olima ku Poland, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, adakhalabe a mabanja ngakhale pa nthawi ya chikomyunizimu. Koma kumpoto ndi kuzambwe, m'madera omwe adatengedwa kwa Germany mu 1945, kudali minda ikuluikulu ya boma yolemba anthu oposa 400,000. Mundawo sudali malo antchito chabe. Nyumba idali ya munda, sukulu ya mkaka ya munda, basi ya munda, malasha owotha m'nyengo yozizira ochokera ku munda. Lamulo la mu Okutobala 1991 lidathetsa mindayi, malo n'kuperekedwa ku bungwe la boma loti liwabwereketse kapena kuwagulitsa. Wobwereka watsopano, ndi makina ake, ankafuna anthu ochepa chabe. Otsalawo adatsala m'midadada ya nyumba pakati pa minda, kutali ndi tauni, basi italeka kubwera, nyumba zawo zosagulitsika. M'maboma ena a ku Warmia-Mazury ndi Pomerania ulova udapyola 30 peresenti n'kukhala choncho zaka zambiri.

Anthu a m'migodi ya ku Silesia adachitiridwa mosiyana. Boma la Jerzy Buzek litayamba kutseka migodi mu 1998, wosiya ntchito mwakufuna kwake ankalandira malipiro a miyezi pafupifupi 24 nthawi imodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti a m'migodi adali ndi mabungwe amphamvu otha kufika ku Warsaw ndi zionetsero, pomwe a m'minda adali omwazikana. Uku kudali kulakwa kwa boma, osati kwa msika. Ndalama zochepa zosamutsira mabanja, zophunzitsira ana awo kapena zongosunga basi ikuyenda zikanasintha moyo wa m'badwo wathunthu.

Njira ina yomwe boma lidachepetsera malova idali kulola anthu kupuma ntchito msanga kapena kulembedwa kuti ndi odwala. Mtendere udagulidwa, koma gawo la chuma lopita ku mapenshoni lidakwera pafupifupi kawiri m'zaka zisanu, ndipo msonkho wa pa malipiro udalemera mpaka olemba ntchito ambiri adayamba kulemba anthu mwamseri kapena pa makontirakiti osakhalitsa opanda tchuthi.

Ovota adabwezera. Mazowiecki adakhala wachitatu pa chisankho cha pulezidenti mu 1990, kumbuyo kwa Lech Wałęsa, mtsogoleri wa Solidarity, ndi Stanisław Tymiński, munthu wabizinesi wochokera ku Canada yemwe miyezi ingapo m'mbuyomo palibe ankamudziwa. Mu 1993 omwe kale adali achikomyunizimu adabwerera m'boma kudzera m'voti. Nduna yawo ya zachuma, Grzegorz Kołodko, ankanena poyera kuti Balcerowicz adapyola muyeso, koma sadabweze mitengo m'manja mwa boma kapena kuyambanso kusindikiza ndalama. Malamulo aakulu a dziko a mu 1997 adakhomerera zimenezi: ngongole ya boma isapyole magawo atatu mwa asanu a chuma cha pachaka, ndipo banki yayikulu isakongoze boma zokwirira bajeti.

Khomo la ku Ulaya

Chomwe chidagwirizanitsa maboma osiyanawa ndi cholinga cholowa mu European Union. Pangano loyamba lidasainidwa mu Disembala 1991, ndipo kuti alowe adayenera kutengera malamulo a mgwirizanowo pa mpikisano wa malonda, ukhondo wa zakudya ndi kagulidwe ka katundu wa boma. Poland idalowa pa 1 Meyi 2004 ulova uli pafupi ndi 20 peresenti. Britain, Ireland ndi Sweden adatsegula ntchito zawo tsiku lomwelo, ndipo pofika 2007 anthu a ku Poland oposa 2 miliyoni adali kunja. Amene akukhala ku Britain amawadziwa masitolo olembedwa Polski sklep. Adabwera ndi funde limeneli. Ulova udatsika, mwa zina chifukwa malovawo adachoka.

Ndalama za EU zidamanga misewu ikuluikulu, njanji ndi mipope, alimi n'kuyamba kulandira ndalama pa hekitala iliyonse. Makampani a ku Germany ndi kwina adasamutsira ku Poland mafakitale a zida za magalimoto, mafiriji, makina ochapira ndi mipando, ndipo lero Germany yokha imagula kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a zomwe Poland imagulitsa kunja. Pafupi ndi Wrocław pali fakitale ya LG ya mabatire a magalimoto amagetsi, imodzi mwa zazikulu ku Ulaya. Mu 2009 mayiko ena onse a EU chuma chitatsika, cha Poland chidakula, mwa zina chifukwa zloty, yomwe idasiyidwa kuti iziyenda yokha kuyambira 2000, idatsika n'kutchipitsa katundu wake kunja. Kutsika komweko kudavulaza mabanja omwe adakongola ndalama zogulira nyumba mu ma franc a ku Switzerland pokopeka ndi chiwongoladzanja chochepa, ndipo franc itadumpha mu Januwale 2015 ena adapezeka ali ndi ngongole yoposa mtengo wa nyumba. Milandu yawo yadzaza makhoti kwa zaka.

Mu 1990 munthu wa ku Poland ndi wa ku Ukraine ankapeza zofanana ndithu. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine ya mu 2022 isadayambe, wa ku Poland ankapeza kuposa katatu. Komabe mkwiyo wa madera otsalira sudathe. Ndiwo udathandiza chipani cha Law and Justice kupambana mu 2015, ndipo chaka chotsatira chidayambitsa zloty 500 pamwezi za ana, zomwe zidakwezedwa kufika 800 mu 2024. Boma lomwe lidalowa m'malo mwake silidayerekeze kuzichotsa.

Vuto la lero ndi losiyana ndi la 1993: antchito akusowa. Ulova uli pafupi ndi 3 peresenti pa kawerengedwe ka EU, ana obadwa ndi ochepa kwambiri, chiwerengero cha anthu chikutsika, ndipo mafakitale, malo omanga ndi nyumba zosungiramo katundu zikudalira anthu a ku Ukraine ndi Belarus. Malipiro akamakwera, kukopa makampani akunja ndi antchito otchipa kukutha mphamvu, pomwe makampani a eni dziko otha kupikisana pa luso lawolawo akadali ochepa. Ndipo ntchito imodzi yomwe idayamba mu 1990 siyidathe. Magetsi oposa theka akuchokerabe ku malasha, siteshoni ya Bełchatów ndi yomwe imatulutsa utsi wa kaboni wochuluka kuposa ina iliyonse mu EU, ndipo mtengo wa zilolezo za utsiwo umalowa m'bilu ya magetsi ya fakitale iliyonse. Mu 2021 boma lidagwirizana ndi mabungwe a m'migodi kuti mgodi womaliza wa malasha owotchera magetsi udzatsekedwe mu 2049, ndipo siteshoni yoyamba ya nyukiliya, yomwe kampani ya ku America ya Westinghouse idasankhidwa kuti imange m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, sikuyembekezeka kuyamba ntchito chaka cha 2035 chisadafike. Pakadali pano migodi yambiri ya boma imawononga ndalama zoposa zomwe imapeza, ndipo kusiyanako akulipira ndi okhoma msonkho.